Kaonedwe ka mizere ya inki pa zithunzi za ana akusewera, kwa inu amene mumangoti ndi zokhwatcha

Tsiku lina ndinamuonetsa mphwanga chithunzi china pa foni, chojambulidwa ndi inki, anthu akuphunzitsa kamwana kuyenda. Anangoyang'ana kamodzi nkuti, "achimwene, nde chithunzi chomwe mumachitama chija ndi chimenechi? Izi ngakhale ine nditha kujambula, nzokhwatcha izi." Sindinamudzudzule ayi, chifukwa nanenso ndinakulira momwemo. Ku pulayimale chojambula chabwino chinali chomwe chafanana ndendende ndi chinthucho, mizere yowongoka ngati wagwiritsa rula, ukangolakwitsa pang'ono labala ali pompo, kufufuta mpaka pepala kubooka. Nde ukakula ndi maso amenewo, ukadzaona chojambula choti mkono wa mwana ndi kamzere kamodzi basi, nkhope ilibe ndi maso omwe, umangoganiza kuti wojambulayo anali waulesi kapena anamuitana kunsima asanamalize.

Koma zinthuzi zili ndi kaonedwe kake, ndipo sizifuna sukulu ya zaluso. Mzere wa inki ndi phazi la dzanja, ngati mapazi omwe munthu amasiya pamchenga. Ukawayang'ana bwino umadziwa kuti apa amathamanga, apa anaima, apa anaterereka. Ntchito yanu yonse ndi kulondola mapazi amenewo.

Musafunse ngati chafanana, funsani ngati mwanayo agwe

Yambani ndi kuchiona chili chaching'ono, musanapange zoom. Ngati chili m'buku chiyikeni patali pang'ono, ngati chili pa foni chisiyeni momwemo kangati bokosi la machesi. Cholinga nchakuti muone thupi lonse kaye musanasokonezeke ndi tizala ndi timabatani ta malaya.

Mwana akamasewera saima nji ngati msilikali pa perete. Nthawi zonse amakhala pakati pa kugwa ndi kusagwa. Taganizani mtsikana ali pakati pa fulaye akuzinda mpira, chiuno chapita uku mapewa apita uko, kapena mnyamata akuthamangitsa tayala ndi timitengo tiwiri, mutu uli kutsogolo miyendo ikuchita kutsalira m'mbuyo. Wojambula wodziwa amayamba wagwira zimenezo, kupendekeka kwa thupiko, ndipo kawirikawiri mumapeza mzere umodzi wautali womwe ukuyenda kuchokera kumutu kudzera pamsana mpaka kuphazi. Upezeni umenewo kaye. Ena onse akutsamira pa iwo.

Kenako chitani ichi, nchophweka. Tengani m'mphepete mwa pepala kapena kamtengo ka machesi, muyimike chilili kuchokera pakhosi pa mwanayo kutsika pansi. Kakagwera paphazi lomwe laponda, ndekuti mwanayo wakhazikika. Kakagwera poyera, patsogolo pa mapazi onse awiri, ndekuti mwanayo ali paulendo, akapanda kuponya mwendo wina adya fumbi. Mukamva kamtima kakuti myuu ngati mukufuna mumuwakhe, wojambulayo wagwira ntchito yake, ngakhale mphuno ya mwanayo ikhale yopotoka bwanji.

Chithunzi cha Rembrandt chija

Chomwe ndinamuonetsa mphwanga chija nchojambulidwa ndi Rembrandt, m'Datchi wa ku Amsterdam yemwe anabadwa mu 1606 nkumwalira mu 1669. Anachijambula cha m'ma 1656 ndipo pano chimasungidwa ku British Museum ku London. Mutha kuchipeza pa intaneti mukalemba dzina lake ndi mawu oti A child being taught to walk. Nchaching'ono zedi, masentimita pafupifupi 15 mulitali ndi 9 mulifupi, kungoposa chikhatho pang'ono. David Hockney, wojambula wotchuka wa ku England, wakhala akuchitama kuti palibe chojambula china chochiposa. Kaya mugwirizana naye kaya ayi, koma nchabwino kuphunzirirapo.

Muli anthu asanu. Kamwana kali pakati, awiri akukagwira uku ndi uku ndipo atifulatira, wina ali pansi patsogolo akukakopa kuti kabwere, ndipo chakumbuyo kuli mayi wanyamula ndowa. Tsopano yang'anani awiri otifulatira aja. Nkhope zawo sitikuziona, koma kungoona mmene msana wawo waweramira, mmene mutu wapendekera kwa mwanayo, mukudziwa kale kuti maso awo ali pa iye ndipo manja akugwira mosamala, osakoka, osasiya. Aliyense amene anagwirapo mwana wa mlongo wake akuyamba kuyenda dzandi dzandi pabwalo akudziwa kuwerama kumeneko, msana umachita kuwawa koma sungawongoke. Rembrandt wakuika ndi mizere yowerengeka chabe.

Koma ine chomwe chimandimaliza ndi mayi wa ndowa uja. Iye sali nawo m'nkhaniyi, akungodutsa, koma taonani mkono wake winawo mmene watambasukira kumbali. Bwanji? Chifukwa ndowayo ndi yodzadza. Munthu ukanyamula ndowa ya madzi ndi dzanja limodzi kuchokera kumjigo, dzanja linalo limadzuka lokha kuti usapendekeke, sumachita kuliuza. Ndowa ikakhala yopanda kanthu dzanjalo limangolendewera. Nde m'chithunzichi simukuona zomwe zili m'ndowamo koma mukumva kulemera kwake, ndipo zonsezo zachokera pa mzere umodzi kapena iwiri ya mkono. Apa mpomwe pali nkhani yonse ya zomwe ndikunenazi. Mzere wabwino umakuuzani zinthu zomwe sizinajambulidwe nkomwe.

Rembrandt ali ndi china cha m'ma 1635 chomwe chili ku Berlin, mayi wanyamula mwana yemwe wavuta, akulira akuphiriphitha, malaya akwera m'mwamba, nsapato yavuka ikugwa, gogo akumulozera chala ndipo ana ena akusuzumira pakhomo. Chiyikeni pambali pa choyamba chija muone kusiyana kwa mizere. Apa peni yachita kulusa, mizere yapiringizana pamiyendo ya mwanayo pomwe pali nkhondo. Munthu yemweyo, inki yomweyo, koma dzanja layenda molingana ndi zomwe zikuchitika.

Londolani mzerewo ndi chala

Tsopano mutha kupanga zoom. Sankhani mzere umodzi, muulondole ndi chala m'malere, kapena ndi kumbuyo kwa bolopeni pamwamba pa sikirini, kuyambira pomwe mukuganiza kuti peni inatera mpaka pomwe inanyamuka. Muchite pa liwiro lomwe mukuganiza kuti dzanja lake linayenda. Poyamba muzimva ngati mwapenga, makamaka ngati muli mu minibasi, koma kuona maso a nkhono nkudekha.

Pali zizindikiro zomwe zimakuuzani. Pomwe peni yatera pamakhala kakuda pang'ono, mwina kadontho, chifukwa inki inali yambiri. Mzere wothamanga umathera kosongoka ngati mchira wa mbewa, ndipo nthawi zina umadukaduka chifukwa peni imadumpha pepala. Mzere woyenda pang'onopang'ono umakhala wofanana kunenepa kwake ndipo umanjenjemera pang'ono. Pomwe dzanja linaima nkusintha njira pamakhala kangodya kakuthwa, ndipo kawirikawiri apo mpomwe pali fupa, chigongono, bondo, phewa. Pomwe mzere wanenepa ndekuti anakanikiza, nde dzifunseni kuti anakanikiziranji pamenepo. Nthawi zambiri mupeza kuti ndi pomwe pali kulemera, phazi lomwe laponda, dzanja lomwe lagwira chingwe, pansi pa thako pomwe mwana wakhala. Pomwe mzere waonda mpaka kutsala pang'ono kusowa ndi pomwe zinthu zikuuluka, siketi, tsitsi, chingwe cha jingo chili m'mwamba.

Mukachita zimenezi pa mizere isanu kapena isanu ndi umodzi muyamba kumva kuti chojambulacho chili ndi kayendedwe kake ngati ng'oma, pena pofulumira pena podekha. Chojambula chomwe mizere yake yonse ndi yonenepa mofanana ndiponso yoyenda liwiro limodzi chimakhala ngati munthu wowerenga chilengezo cha maliro, mawu onse mulingo umodzi. Pa mapu a nyumba nzabwino zimenezo, koma pa mwana yemwe akuthawa chipako ayi.

Dziwaniko chomwe anajambulira

Izi zimathandiza kuti musamuimbe mlandu munthu pa zomwe chida chake chimachita chokha. Nthenga yosongola imafewa, ukakanikiza imatseguka nkutulutsa mzere wonenepa, ukapepuza umaonda ngati ulusi, nde imakonda mizere yopindapinda. Peni ya bango ndi yauma mutu, mzere wake ndi wobuntha, wamakona, ndipo inki imatha msanga moti mzere umayamba uli bii nkumathera uli mbuu, wokandika. Rembrandt m'zaka zake zakumapeto ankaikonda kwambiri imeneyi, ndipo Van Gogh, wojambula wina wachiDatchi, nayenso ankadula yekha mabango ali ku Arles ku France mu 1888. Burashi ya ku China ndi Japan nde ina, mzere umodzi womwewo utha kuyamba ngati tsitsi nkufika ngati chala. Peni yachitsulo yoviika mu inki imakanda pepala ndipo ikakodwa imawaza timadontho. Bolopeni yathu ija mzere wake susintha kwambiri, nde wojambula nayo amadalira kubwereza ndi kupepuza dzanja.

Za mtundu wa inki musadabwe nazo. Zojambula zakale za ku Ulaya zambiri zimaoneka zofiirira ngati tiyi, ina inali inki yomwe poyamba inali yakuda koma yasintha ndi zaka, ina inali yopangidwa ndi mwaye wa nkhuni yomwe ndi yofiirira kale. Ya ku China amapanga ndi mwaye wosakaniza ndi guluu, nkuumitsa ngati kamtengo komwe amapera pamwala ndi madzi, ndipo iyo imakhalabe yakuda.

Zomwe anasiya dala

Apa mpomwe anthu ambiri timagwa. Timaona poyera papepala nkumati sanamalize. Feng Zikai, wojambula wa ku China yemwe anabadwa mu 1898 nkumwalira mu 1975, ankajambula kwambiri ana ake omwe ndi burashi, ndipo kawirikawiri nkhope ankangozisiya zopanda maso, pena zopanda mphuno. Pali china chomwe kamnyamata kake katenga zokupizira mphepo ziwiri zozungulira, chimodzi kutsogolo china kumbuyo, kaziika pakati pa miyendo nkumati ndi njinga. China kamtsikana kake kakuveka nsapato miyendo inayi ya mpando. Mizere yake mutha kuiwerenga ndi zala, koma mukangoona mmene kamutu kaweramira pa ntchitoyo mukudziwa kuti mwanayu sakuseka, kwa iye iyi ndi ntchito yeniyeni. Aliyense amene anaphikapo nsima ya dothi ku masanje, kapena kukhala tsiku lonse akupinda mawaya a galimoto mpaka kuiwala kudya, akuidziwa nkhope imeneyo ngakhale sinajambulidwe. Akanaika maso awiri ndi kakumwetulira bwenzi zitasanduka chithunzi cha pa paketi ya bisiketi.

Nde mukaona pomwe mzere waduka, mwachitsanzo mkono uli ndi mzere wakumtunda kokha wakunsi kulibe, musathamangire kudandaula. Onani ngati diso lanu lamaliza lokha. Likamaliza lokha osavutika, wojambulayo anadziwa chomwe amachita. Pa mwana wothamanga zimathandizanso, chifukwa m'moyo weniweni phazi la mwana yemwe akumenya chikulunga simuliona bwinobwino, mumangoona kuti fyuu ladutsa. Wojambula akalizungulira lonse ndi mzere wotseka, zala zonse zisanu, phazilo limauma nkukhala ngati lamtengo.

Inki safufutika

Ichi nchomwe chimasiyanitsa inki ndi pensulo, ndipo nchifukwa chake ine ndimaikonda. Ukalakwitsa palibe labala, umangojambula mzere wina pambali pake, nde zolakwitsa zonse zimatsala poyera. Fufuzani malo omwe mwendo uli ndi mizere iwiri kapena itatu, kapena mutu wasunthidwa. Pamenepo mukuona munthu akuganiza, anati mwendo uli apa, mwana nkusuntha, iye nkuutsatira. Ndipo chodabwitsa nchakuti mizere yobwerezayo nthawi zambiri imapangitsa mwendowo kuoneka ngati ukuyendadi.

Koma ndisakunamizeni kuti chilichonse chokhwatcha ndi luso. Pali kusiyana pakati pa mzere wobwerezedwa chifukwa munthu akusakasaka chinthu, ndi mizere yaubweya ija, tizidutswa tating'onoting'ono tambirimbiri tomwe munthu amapanga chifukwa akuopa kukoka mzere umodzi wautali. Palinso ena omwe anazindikira kuti zokhwatcha zimaoneka zaukatswiri nde amangowaza mizere paliponse ngati akufesa mawere. Njira yowagwirira ndi iyi, bisani mzere umodzi ndi chala. Ngati chithunzicho chataya kanthu, mwina mwana sakupendekekanso kapena dzanja silikugwiranso, mzerewo unali pa ntchito. Ngati palibe chasintha, unali wongokongoletsa. Pa chojambula chabwino kwambiri muvutika kupeza mzere woti mubise.

Komanso musaganize kuti chooneka chothamanga ndekuti chinali chosakonzekera. Quentin Blake wa ku England, yemwe anabadwa mu 1932 ndipo amadziwika ndi ana ake othamanga miyendo ili balala m'mabuku a ana, amayamba wajambula kaye zoyeserera, kenako amaika pepala latsopano pamwamba pake pa bokosi lowala kunsi nkujambulanso ndi peni yoviika, osati kulondola mzere ndi mzere koma kungoona pomwe zinthu zikhale. Nde kumasuka komwe mukuona kuja kuli ndi ntchito yambiri kumbuyo kwake.

Kodi ndi mwanadi kapena ndi bambo wamfupi

Ichi nchachidule koma muzichiyang'ana. Munthu wamkulu kutalika kwake kumakwana mitu yake isanu ndi iwiri ndi theka, pomwe mwana woyamba kuyenda ndi mitu inayi kapena kuposa pang'ono. Mutu waukulu, khosi losaoneka, kamimba kotsogola, miyendo yaifupi yotangadza. Wojambula akalephera apa mumaona kamdala kovala kabudula. Ndipo si msinkhu wokha, ana amachita zinthu ndi thupi lonse, akamaponya mwala ndi lilime lomwe limatuluka, akanyonyomala zidendene zimafika pansi phwathalala mosavutika, zomwe ambiri a ife akuluakulu tinasiya kalekale. Onani ngati mizere yagwira zimenezo.

Yesani nokha, ngakhale mumati simutha

Palibe chomwe chingakutsegulireni maso kuposa ichi. Tengani bolopeni ndi kope lakale, mukhale pakhonde madzulo ana apakhomo panu akusewera phada kapena jingo. Ngati ndi ana a eni, yambani mwauza makolo awo, musangokhala phee kuyang'anitsitsa ana a anthu ndi kope m'manja, mudzaitanidwa kwa amfumu. Mwana aliyense mumupatse nthawi yomwe mungawerenge kufika 20 basi, ndipo musayambe ndi mutu kapena maso, yambani ndi mzere wa msana uja. Pensulo ayi, chifukwa muyamba kufufuta.

Mukafuna kumva zomwe Rembrandt ankamva, dulani bango louma lonenepa ngati chala chaching'ono, mulisonge mopendekeka ndi mpeni wakuthwa ngati mukusonga pensulo mbali imodzi, mudule nsonga kuti ikhale yobuntha pang'ono kenako muing'ambe pakati kamng'alu kakafupi kuti inki izitsika. Kansungwi kakang'ono kamagwiranso. Inki ya m'botolo ikasowa, tiyi kapena khofi wowirira kwambiri amatha kugwira poyeserera, kungoti amatuluka wotuwa.

Zoyamba khumi zidzakhala zoseketsa, ana omwewo adzabwera kudzaona nkumakufunsani kuti ameneyu ndi ndani, galu? Zisiyeni. Chomwe mudzazindikire nchakuti mwana saima, pomwe mukuti mujambule mkono iye wafika kale kuseri kwa nyumba, nde mumakakamizika kusankha mzere umodzi womwe ukunena zambiri nkusiya zina zonse. Ndipo mudzaona mmene zimavutira kuti mzere umodziwo ugwere pamalo pake.

Kanthu kena ka foni. Zithunzi zomwe zazungulira pa WhatsApp zimakhala zitafinyidwa, mizere yoonda imasowa ndipo yonenepa imaphatikizana, nde zonse ndanenazi simungazione. Lolerani bandulo ipite pang'ono mutsegule pa tsamba la nyumba yosungira zinthuzo, monga British Museum, pomwe mutha kukuza mpaka kuona pomwe bango linakanda pepala inki itatha.

Mphwanga uja ndinamupatsa bolopeni ndi pepala nkumuuza kuti poti wati utha, ndijambulire mayi wa ndowa yekhayo, ndowa ioneke kuti ndi yodzadza. Anajambula kanayi. Ndowa zake zonse zinali zokongola kuposa ya Rembrandt, zina anaziika ndi chogwirira ndi timadontho ta madzi tikutayika, koma mayiyo amangooneka ngati wanyamula chikwama chopanda kanthu akupita ku tchalitchi. Kachisanu anasiya ndowa nkuyamba ndi mkono winawo.